Utsi wa Galimoto Yakale: Zoyenera Kuchita Musanapite Nayo Kokayesedwa

Munthu akaima pa mlatho wa Diamphwe m'miyezi yokolola, pamene magalimoto ali kusenza fodya, mtedza ndi soya kunka ku Lilongwe, angathe kuphunzira zambiri ndi maso okha. Galimoto ina ichoka pamlathopo mwakachetechete, kumbuyo kwake kuli mbee. Ina ichoka ili kubuula, nisiya mtambo wakuda bii, kotero kuti wapanjinga amene ali m'mbuyo mwake atseka mphuno ndi malaya. Kawirikawiri ziwirizo zili za msinkhu umodzi, ndipo katundu zasenza wofanana. Zasiyana kasamalidwe kokha.

Phunziro la mwezi uno talembera eni magalimoto akale a ku Mitundu, ku Nathenje, ku Kamphata ndi midzi yozungulira, ndiponso aphunzitsi amene afuna kufotokozera ana za moto ndi mpweya. Inu nonse mudziwa kuti lamulo la pamsewu la chaka cha 1997 lifuna kuti galimoto yoyenda pamsewu wa Boma ikhale ndi chikalata chosonyeza kuti inayesedwa nipezeka yabwino. Chikalatacho anthu achitcha COF. Woyesa ayang'ana mabuleki, magetsi, matayala, chiwongolero, magalasi, ndiponso paipi yotulutsa utsi. Galimoto yofuka kwambiri, kapena ya paipi yobooka, iye angathe kuibweza.

Wa m'tauni galimoto yake ikabwezedwa akwera minibasi. Kumudzi nkhani ili ina. Pikapu imodzi yakale ndiyo itenga matumba a mudzi wonse kunka ku msika wa Mitundu, ndiyo ithamangitsa mayi wodwala usiku kunka ku chipatala cha Mitundu kapena cha Nkhoma, ndiyonso inyamula maliro. Ikaima sabata ziwiri, ovutika ndi ambiri.

Chifukwa chake nkhani ya utsi ili kukula

Magalimoto ambiri a m'dziko muno anayamba ayenda kwina, makamaka ku Japan, asanafike kuno. Kumeneko galimoto yatsopano iyesedwa ikatha zaka 3, ndipo pambuyo pake zaka 2 zilizonse. Mayesowo ali okhwima ndi odya ndalama, motero eni ake ambiri agulitsa galimoto m'malo moikonza. M'chaka cha 2020 nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe inawerenga kuti pakati pa 2015 ndi 2018 maiko a ku Ulaya, Japan ndi America anatumiza kunja magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito okwana 14 miliyoni, ndipo 4 mwa 10 alionse anabwera ku Africa. Ndiko kuti ife tilandira galimoto itayamba kale kukalamba, ndipo tiiyendetsa zaka zina zambiri pa misewu ya fumbi.

Ku Britain anayamba kuyesa magalimoto akale m'chaka cha 1960, ndipo kuyambira 1991 anayamba kupimanso mpweya wotuluka m'magalimoto a petulo. M'mayeso otere woyesa alowetsa kachitsulo m'paipi, ndipo makina awerenga zimene zili mu utsiwo. Tsono kaya woyesa wanu ayesa ndi makina, kaya ndi maso, mankhwala ake ndi amodzimodzi: injini itenthe mafuta ake onse bwinobwino.

Tiphunzire kwa nyali

Mayi aliyense adziwa kuti koloboyi adetsa mphuno, koma nyali ya galasi iwala popanda mwaye. Palafini ndi yemweyo. Nyali ya galasi ili ndi timabowo m'munsi tolowera mpweya, ndipo chingwe chake chikwezedwa mwa muyeso. Mukakweza chingwe kwambiri, mafuta achuluka kuposa mpweya, galasi lida. Mukatseka timabowo tija, mpweya uchepa, galasi lidanso.

Injini ya galimoto ili chimodzimodzi, koma njala yake ya mpweya ndi yodabwitsa. Lita imodzi ya petulo ifuna mpweya wokwana ngati malita 10,000 kuti ipse bwino. Amenewo ndi madiramu 50 aja a malita 200. Mpweya ukapereŵera, mafuta ena atuluka osapsa, ndipo ndiwo utsi wakuda umene tiuona. Chifukwa chake mwini galimoto akaona mtambo kumbuyo kwake adziwe kuti ndalama zimene analipira pothira mafuta zili kutayikira mumsewu, zosamkankhirako galimoto ndi phazi limodzi lomwe.

Utsi uli ndi mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse unena nthenda yake. Pemphani mnzanu aime kumbuyo, mulize injini m'mawa, kenaka muyende pang'ono iye akuyang'ana.

Utsi wakuda

Uwu ndiwo wofala kwathu kuno, ndipo mwamwayi ndiwo wotsika mtengo kuchiza. Yambani ndi sefa ya mpweya, imene amakaniko aitcha eyakilina. Madiramu onse aja a mpweya adutsa m'menemo. Buku la galimoto linena nthawi yosinthira sefa, koma olemba bukulo anali kuganiza za misewu ya phula. Galimoto yoyenda m'misewu ya kwa Chadza kapena ya kufupi ndi Dzalanyama mu September ndi October imeza fumbi lochuluka, ndipo sefa yake itsekeka msanga. Itulutseni, muiguguze pang'ono ndi dzanja, muiyang'anitse ku dzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, gulani ina. Sefa ya pepala musaitsuke ndi madzi kapena petulo, ndipo musaiboole ndi msomali monga achita ena. Fumbi lolowera pa bowolo lipala mkati mwa injini ngati mchenga pa mphika, ndipo chaka chamawa mudzakhala ndi utsi wa mtundu wachiwiri, umene uli wodula kwambiri.

Ine wolemba ndinaona zimenezi ndi maso. Amalume anga ali ndi pikapu ya petulo imene iposa ine msinkhu. Inayamba kufuka ndi kumwa mafuta ngati chidakwa, ndipo makaniko wina anawauza kuti injini yatha, ifuna kumasula yonse. Ndalama zimene anatchula zinali za fodya wa chaka chathunthu. Amalume anatsala pang'ono kugulitsa ng'ombe. Mkulu wina amene kale anali kuyendetsa mathirakitala anati, "Achimwene, taimani kaye, tione kumene ipumira." Anapeza sefa ili gwa ndi dothi, ndipo choko, kachitseko kaja kochepetsa mpweya poliza injini yozizira, chinali chitakanirira chotseka. Anasintha sefa, namasula choko, naika mapulagi ena. Utsi unatha tsiku lomwelo, ndipo ng'ombe ikadali m'khola. Sitinena kuti nthenda zonse zichira motero. Tinena kuti yambani ndi zotsika mtengo, ndipo wina akati mumasule injini, funsani maganizo a munthu wachiwiri.

Mapulagi anena zoona za m'kati mwa injini ya petulo. Amasuleni muone nsonga zake. Nsonga yofiirira ngati mtedza wokazinga isonyeza kuti zonse zili bwino. Yakuda ndi mwaye wouma isonyeza kuti petulo achuluka. Yakuda yonyowa isonyeza kuti oyilo ali kulowa. Yoyera mbuu isonyeza kuti petulo achepa ndipo injini ili kutentha mopitirira. Pulagi imodzi ikafa, petulo wa m'chipinda chimenecho atuluka wosapsa konse, ndipo mudzamva injini ili kutsimphina.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiganizira. Dera lathu lino lili pamwamba, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno uli wopepukirapo, ngati gawo limodzi mwa magawo khumi. Magalimoto atsopano ali ndi kompyuta imene ipima mpweya nichepetsa mafuta yokha. Koma yakale ya kabuleta siidziwa kuti yakwera phiri. Ngati inachunidwa ku Durban kapena ku Dar es Salaam, ipitiriza kuthira petulo wa muyeso wa kugombe. Makaniko wodziwa ntchito angaichune kuti igwirizane ndi mpweya wa kuno.

Za injini ya dizilo: sefa ikakhala yabwino koma utsi osatha, kayezetseni manozo. Nozo yabwino ipopera dizilo ngati nkhungu, yakutha idontheza madontho, ndipo dontho silipsa lonse. Ntchito imeneyi ifuna makina oyezera, siichitika pansi pa mtengo. Madalaivala ena atsegula pampu kuti lole ikhale ndi mphamvu pa chitunda. Mphamvu iwonjezeka pang'ono, koma utsi ndi mafuta otayika ziwonjezeka kwambiri. Kusenzetsa katundu wopitirira muyeso kuchitanso chimodzimodzi. Galimoto ya matani atatu ikasenza asanu, dalaivala aponda mafuta mpaka pansi, injini osathamanga, ndipo dizilo wotsalayo asanduka mwaye.

Tinenepo za kachipangizo kotchedwa thermostat, kamene kali pa njira ya madzi opita ku rediyeta. Ntchito yake ndiyo kutsekereza madzi kufikira injini itatentha. Amakaniko ambiri akachotsa ndi kukataya, amati kanapangidwira maiko ozizira. Kumeneko ndi kulakwa. Injini inapangidwa kuti igwire ntchito ili yotentha, madzi ake ali pafupi ndi madigiri 80 kapena 90. Popanda kachipangizoka ichedwa kutentha, makamaka m'mawa wa June ndi July, ndipo kompyuta ipitiriza kuthira mafuta ambiri poyesa kuti injini ikadali yozizira. Ngati galimoto iwiritsa madzi, tsukitsani rediyeta ndi kuona fani. Kachipangizo kakafa, ikani kena.

Utsi wobiriwira ngati mtambo

Utsi wa buluu, wonunkha ngati nsanza yopsa, unena kuti injini ili kutentha oyilo. Yambani mwaona ngati simunathire oyilo wopitirira mzere wa pa kandodo koyezera, ndiponso ngati kapaipi kopumira injini sikanatsekeke. Izi nzosavuta. Utsi ukamatuluka poliza m'mawa pokha, kapena mutatsika chitunda chachitali, kawirikawiri ndi timphira ta pa mavavu tauma, ndipo tisinthika popanda ndalama zambiri. Koma ukamatuluka nthawi zonse mukaponda mafuta, ndipo muthira oyilo sabata ndi sabata, malingi a mapisitoni atha. Pamenepo palibe njira yachidule, injini iyenera kumasulidwa.

Apa mwini galimoto akhale pansi ndi pensulo. Alembe mtengo wokonzetsa, alembenso oyilo ndi mafuta amene ataya pa chaka, ndi masiku amene galimoto ikhala chiimire. Nthawi zina kugula injini ina yogwiritsidwapo kale ntchito kuli kwanzeru kuposa kukonza yakaleyo. Ntchito yotere ichitike mutangogulitsa mbewu, ndalama zisanabalalike, osati mu January pamene nkhokwe ili pansi.

Utsi woyera

Kautsi koyera ka m'mawa wozizira, kamene katha injini ikatentha, ndi nthunzi chabe. Musade nako nkhawa. Koma utsi woyera wosatha, madzi a mu rediyeta namachepa osaona podontha, oyilo nasanduka ngati tiyi wamkaka, zinena kuti gasiketi ya pamutu pa injini yapsa. Imitsani galimoto, pakuti mukaumirira mudzawononga injini yonse. M'galimoto ya dizilo, utsi woyera woŵaŵa m'maso uli dizilo wosapsa, ndipo kawirikawiri olakwa ndi mahita kapena taimingi ya pampu.

Mafuta amene muthira

Mafuta a masiku ano ali abwino kuposa a makolo athu. Kale petulo anali ndi mtovu, umene uwononga ubongo wa ana. Maiko a kum'mwera kwa Sahara anasiya petulo wotere pofika 2006, ndipo dziko lomaliza pa dziko lonse lapansi linali Algeria, m'chaka cha 2021. M'chaka cha 2017 Malawi inayamba kugwiritsa ntchito dizilo wa sulufule wochepa. Ndiponso kuyambira 1982 petulo wa kuno asakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa. Ethanol apsa bwino, koma akoka chinyontho ndipo afewetsa mapaipi a mphira akalekale. Galimoto ikakhala chiimire miyezi yonse ya dzinja, sinthani sefa ya petulo ndi kuona mapaipi musanaiyendetse.

Choopsa chili m'zigubu za m'mbali mwa msewu. Tidziwa kuti mafuta akasowa munthu agula pamene wapeza. Koma simudziwa chimene chili m'chigubumo. Palafini akasakanizidwa ndi petulo, injini igogoda ndi kufuka. Akasakanizidwa ndi dizilo, pampu ndi manozo zitha msanga, pakuti palafini alibe kuterera kumene zitsulozo zifuna. Madzi ndi zinyalala za m'chigubu nazonso zitsekereza manozo. Popita kokayesedwa thirani mafuta a pa filing'i siteshoni.

Utsi umene suoneka

Pano tifuna kuti awerengi onse amvetsetse, ngakhale amene alibe galimoto. Mu utsi wa injini muli mpweya wotchedwa carbon monoxide. Ulibe mtundu, ulibe fungo. Ndi womwewo umene upha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Magazi a munthu aukonda koposa nthawi 200 kusiyana ndi mpweya wabwino, motero ngakhale wochepa ukwanira kudwalitsa. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, mseru ndi tulo. Paipi ya utsi ikabooka pansi pa galimoto, mpweyawu ukwera kulowa mokhala dalaivala, kapena kumbuyo kumene akhala a matola, makamaka mukafunditsa lona nthawi ya mvula. Ana ndi amayi oyembekezera ndiwo ayamba kugwidwa. Ichi ndi chifukwa chake woyesa agwada nayang'ana paipi kuyambira ku injini kufikira kumapeto. Bowo liwotcheredwe, osati kulimanga ndi chitini ndi waya. Ndipo musalize injini m'nyumba kapena m'shedi yotseka.

Mwaye wa dizilo nawonso suli wamasewera. M'chaka cha 2012 akatswiri a World Health Organization anagamula kuti utsi wa dizilo uyambitsa khansa ya m'mapapo. Amene aupuma tsiku lonse ndi amayi ogulitsa tomato ndi mbatata m'mbali mwa msewu pa Nathenje, makondakitala, ndi anyamata a kabaza.

Magalimoto a petulo ochokera ku Japan afika ndi kabokosi pa paipi, kotchedwa catalytic converter. M'kati mwake muli ngati chisa cha njuchi chopakidwa miyala ya mtengo wapatali, monga platinum, ndipo kasandutsa mpweya waululu kukhala wosaopsa kwenikweni. Chifukwa cha miyalayo kabokosika kali ndi malonda, ndipo ena akachotsa ndi kuika paipi wamba, nauza mwini kuti galimoto ipuma bwino. Musalole. Galimoto yochotsedwa kabokosika singapambane mayeso a makina. Mukasiya galimoto ku galaja, ionani pansi poitenga. Nyali yaing'ono yooneka ngati injini ikayaka pa dashibodi, musaimate ndi tepi. Kawirikawiri inena kuti kachipangizo kena kopima mpweya kafa, ndipo amakaniko a ku Lilongwe ali ndi makina owerengera chimene chalakwika.

Ena asokoneza mayeso a utsi ndi msonkho wa kaboni umene Boma linayambitsa m'chaka cha 2019, umene poyambapo unali kulipiridwa molingana ndi kukula kwa injini. Izi nziwiri zosiyana. Msonkhowo unena za mpweya wa carbon dioxide, umene utuluka ngakhale m'injini yabwino, ngati makilogalamu 2.3 pa lita iliyonse ya petulo. Umenewo uchepa pokhapokha mutatentha mafuta ochepa.

Za kuchenjera

Tamva za anthu amene athira oyilo wolimba wa m'giyabokosi mu injini kuti utsi ubisale tsiku la mayeso, ndi ena amene atseka pampu m'mawa ndi kuitsegulanso madzulo. Oyilo wolimba achedwa kufika ku zitsulo za pamwamba, ndipo injini ingagwire panjira. Kampani yaikulu ya Volkswagen inayesa kuchenjera kotere, niika m'magalimoto a dizilo okwana ngati 11 miliyoni nzeru yoti azichepetsa utsi pa nthawi ya mayeso yokha. Inagwidwa m'chaka cha 2015, nilipira mabiliyoni ambiri a madola. Musapatsenso ndalama madobadoba amene alonjeza chikalata galimoto ili kumudzi. Chikalata chotere sichitseka bowo la paipi, ndipo kupereka chiphuphu ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe.

Tsiku la mayeso

Musadikire tsiku lomaliza lolembedwa pa chikalata. Yambani kukonza kukali mwezi wathunthu, kuti mukabwezedwa mukhale ndi nthawi. Sinthani oyilo ndi masefa kukali masiku angapo. Ngati ili ya dizilo, onetsetsani kuti lamba wa taimingi sanakalambe, pakuti poyesa utsi wa dizilo injini ilizidwa mwamphamvu, ndipo lamba wotha angaduke pomwepo. Pitani opanda katundu. Ulendo wochokera ku Mitundu kapena ku Diamphwe ukwanira kutenthetsa injini, ndipo pamsewu wa phula iyendetseni mwamphamvu pang'ono, osapitirira liwiro la lamulo, kuti mwaye wa m'paipi uchoke. Mzere ukatalika injini nizizira, ilizeninso mphindi zingapo nthawi yanu isanakwane, pakuti kabokosi kaja sikagwira ntchito kali kozizira. Akakubwezani, funsani mwaulemu kuti akuuzeni cholakwika, muchilembe, mukachisonyeze kwa makaniko.

Kwa aphunzitsi

Tengani nyali ya galasi, muiyatse panja pamthunzi ana akuona. Kwezani chingwe pang'onopang'ono kufikira galasi litayamba kuda, ndipo funsani ana chimene chachuluka. Tsitsani chingwe, pukutani galasi litazizira, muyatsenso. Tsopano tsekani timabowo ta m'munsi ndi nsalu yonyowa, ndipo funsani chimene chachepa. Kenaka gwirizani mbale yoyera pamwamba pa koloboyi kwa kanthawi, ana aone mwaye ndi kuukhudza ndi chala. A Sitandade 7 ndi 8 awerengetse: ngati lita imodzi ya petulo ifuna madiramu 50 a mpweya, thanki ya malita 40 ifuna madiramu angati? Sukulu imene ili pafupi ndi msewu waukulu ingatumize ana aŵiri aŵiri, pamodzi ndi mphunzitsi, kukaima patali ndi phula kwa theka la ola, nalembe magalimoto odutsa, angati ofuka ndi angati osafuka, ndi mtundu wa utsi wake. Zimene apeze mutitumizire ku ofesi ino, mutalemba dzina la sukulu, tsiku ndi ola.